Ndinapera Miyala Kuti Nachisale Achire

Ana inu, taikani kaye mafoniwo pansi. Iwe Tadala, ndinakuona dzulo ukusuzumira kuseri kwa kansalu kachikasu m'chipinda mwanga. Usakane, maso angawa akalamba koma sanafe. Nawe Limbani unakafunsa bambo ako m'Chizungu ngati agogo anasiya kupemphera, poti akusunga munthu wabuluu pakhoma. Iwe! Ine ndinabatizidwa bambo akowo asanaganiziridwe n'komwe. Khalani apa ndikuuzeni, ndipo musandiyankhe ndi "oke, oke" wanu uja. Chichewa mumamva, mumangochita ulesi pakamwa.

Wabuluuyo dzina lake ndi Menla. Anzathu a ku Tibet, otsatira Buddha, amati ndiye mwini mankhwala, wochiritsa. Sanagulidwe m'sitolo ayi. Anajambulidwa ndi manja, m'chipinda chapamwamba pa fulati yathu ku Columbia Heights, tisanasamukire kuno ku Rockville. Utoto wonse uli pansaluyo ndinapera ndine. Ndinkapera kuti agogo anu aakazi, a Nachisale, achire.

Inu simuwakumbuka. Tadala unali ukukwawa, Limbani unali usanabadwe. Anali mayi wamfupi, woseka mokweza, wa manja olimba. Kuno kunja ndiwo anayamba kubwera, kudzasamalira nkhalamba za eni. Ine ndinatsala ku Dedza ndikuphunzitsa ana a pulayimale, n'kumadikira kalata mwezi wathunthu. Inu lero mukalemba uthenga, mnzanu akachedwa pang'ono mwayamba kale kutupa. Nditawatsatira ndinafika ndi jekete limodzi, ndikudzitama kuti munthu wa ku Dedza saopa kuzizira. Mayo ine! Kuzizira kwa ku Dedza ndi mwana. Aphunzitsi onse aja ndinapezeka ndikukolopa maofesi ku Foggy Bottom, kupita pa sitima ya Metro kubwera pa sitima ya Metro, ndipo sindinachite manyazi, poti ntchito ndi ntchito.

Chimene chinandikumanitsa ndi wojambula chithunzicho ndi fungo. Loweruka lina m'nyumba munalowa chifungo cha chikopa chowiritsa, chochokera kumwamba. Ine mtima wanga mumaudziwa, suchedwa. Ndinakwera masitepe kukazazira munthu. Anatsegula chitseko ndi mdala wowonda, watsitsi loyera lomanga kumbuyo, n'kuika manja pamodzi kundilonjera. Anali a Norbu, a ku Tibet. Ine mpaka lero lilime limakana, ndimati a Nolubu. Ankawiritsa chikopa kuti apange guluu wosakaniza ndi utoto. M'malo mokangana nane anandikhazika pansi, n'kundipatsa tiyi wothira mchere ndi batala. Ana inu, tiyi wamchere! Ndinameza ngati mankhwala a malungo, poti mlendo sakana chimene wapatsidwa. Nditangomaliza anandithirira wina.

Chizungu chawo chinali chothyokathyoka, changa chotsimphina, koma tinamvana. Anandiuza kuti ali mnyamata anawoloka mapiri a chisanu wapansi, atanyamula ufa wokazinga m'kathumba, kuthawa kwawo, ndipo sanabwererenso. Ine ndinawauza za basi ya ku Lilongwe imene inkatitaya m'matope dzinja lililonse. Ndinaona ndekha kuti ulendo wanga unali wochepa.

Akazi awo a Norbu ankadwala nthawi imeneyo. A Nachisale atamva, sanafunse kuti anthuwo amapemphera kuti. Akaweruka kuntchito ankakwera kukawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa phala ndi supuni, mpaka tsiku limene mayiwo anatisiya. Ndikadandaula kuti akudzitopetsa, ankati, "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, bambo." Sitinkadziwa kuti zathu zili pafupi kupsa.

Matenda a Nachisale anayamba ngati kutopa. Kenako chakudya chinayamba kukana. Dokotala anatiitanira m'kachipinda n'kutchula khansa, ndipo anati yapita kale patali. Ine ndinamva mawuwo koma sanalowe. Potuluka, a Nachisale ndiwo anandigwira dzanja kundiwolotsa msewu.

Masamba a mitengo anali atayamba kufiira pamene a Norbu anatsika kudzazonda. Anakhala pampando, manja ali pamawondo, n'kunena kuti kwawo munthu akadwala kwambiri amamujambulira Menla pansalu, ndipo ntchito ya kujambulayo imakhala pemphero lomupempherera wodwalayo. Anati iwo alibe china chopereka. Ine ndinayang'ana kumbali, ndikufunafuna mawu okanira mwaulemu. A Nachisale ananditsogolera.

"Zikomo, achimwene. Koma manja anuwo ndikuwaona, amanjenjemera mukanyamula zolemera. Miyala yanu ya utoto ija akuperereni ndani?"

A Norbu anati adzayesetsa pang'onopang'ono.

"Ayi, tengani awa," anatero akundiloza ine. "Asiya ntchito kuti azindiyang'anira, ndiye akungondiyang'anadi. Masana azibwera kwanu."

Umu ndi mmene mwamuna wamkulu, mkulu wa mpingo, ndinayambira kupera. Inu mphero simuidziwa. Mukafuna kuphwanya chinthu mumadina batani, chimakina n'kulira. Kwathu kunali mwala waukulu wosalala, ndi kamwana kake kogwira m'manja, ndipo amayi anga ankagwada pamenepo kupera mawere a thobwa, akuimba. Mwamuna sankayandikira, akanasekedwa mudzi wonse. A Norbu mphero yawo inali kambale ka mwala ndi kamunsi kake. Ankandipatsa timiyala tabuluu, tobiriwira, tofiira, ine n'kumapera ndi madzi pang'ono, osamenya ayi, kungozunguliza. Ukapera kwambiri, buluu amayera n'kutaya mphamvu. Ukapera pang'ono, amakhala mchenga. Ndikatsika madzulo zala zili buluu, a Nachisale ankaseka mpaka kugwira m'mimba. "Ine ndakusinjirani moyo wanga wonse, simunagwirepo munsi. Lero mukuperera mwamuna mnzanu miyala!"

Nsalu yake a Norbu anaikunga pa timitengo ngati chikopa cha ng'oma. Anaipaka dothi loyera losakaniza ndi guluu, n'kuikwecha ndi mwala wosalala. Nditaona mwalawo ndinafuula kuti, "Nkhulungo!" Ndi womwe uja amayi athu ankasalazira pansi akamazira nyumba. Ndinaugwira m'manja, misozi n'kulengeza, osadziwa kuti ndikulirira chiyani. Kenako anajambula mizere yoyezera ndi ulusi, poti Menla sajambulidwa mmene munthu wafunira. Mutu uli ndi muyeso wake, mapewa muyeso wake, mpaka zala. Anamukhazika atapinda miyendo, dzanja lamanzere lili pamiyendopo ndi mbale ya mankhwala, lamanja latsikira pabondo litagwira kanthambi ka mtengo wochiza. Anandiuza kuti matenda onse ali ndi mizu itatu, dyera, mkwiyo ndi umbuli. Nditakafotokoza kunyumba, a Nachisale anati, "Wachiwiriwo akunena inu."

Mnzanga wina wa kumpingo, a Zulu a ku Lusaka, anamva za nkhaniyi. Anali munthu wabwino, ndiye ankatitengera kuchipatala pa galimoto yake. Anandikokera pambali titatuluka m'tchalitchi.

"A Phiri, nichani ichi muchita? Aya ni mafano! Manje abusa akamvela muzakamba chani?"

Ndinangowatsanzika n'kupita. Koma atabwera kunyumba n'kubwereza mawuwo, a Nachisale anawayankha ali chogona. "A Zulu, munthu amadzazonda ndi chimene ali nacho. Inu mwabwera ndi galimoto, amayi a kumpingo abwera ndi nyimbo, uyu wabwera ndi burashi. Ndim'bweze? Ine Yesu wanga ndili naye, sanachoke." A Zulu anangopukusa mutu, ndipo m'mawa mwake anabwerabe kudzatitenga.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinali mumtima mwanga, poti ndinu akuluakulu. Ine ndinayamba ndi kunyinyirika. Koma nyengo ya chisanu itafika, mankhwala a kuchipatala atathothola tsitsi lonse la a Nachisale osathandiza kanthu, ndinapezeka ndaika mtima wanga wonse pansalu ija. Ndinkapemphera kwa Mulungu m'mawa, masana n'kumapera, ndipo m'mutu mwanga munakhazikika chinthu chimodzi, kuti chithunzichi chikatha iwo akadali moyo, achira. A Norbu sanandilonjeze zimenezo. Ndinadziuza ndekha. Munthu amene mkazi wake akufa amakhulupirira chilichonse, ana inu, musadzamuseke.

Ndiye kuchedwa kwake! A Norbu anayamba ndi thambo. Thambo lokhalo linadya chisanu chonse, timadontho ting'onoting'ono, kumwamba koderako, kumunsi kowalako. Kenako pansi. Kenako mitambo, madzi, maluwa. Ndikafunsa za nkhope ankati thupi limabwera pambuyo pa zovala, golide pambuyo pa thupi, ndipo maso ndiwo omaliza. Asanaikidwe maso, imakhala nsalu chabe. Akaikidwa, ndiye kuti Menla wadzuka. Ndinkatsika ndikuwira. A Nachisale ankangoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Bwererani mawa."

Mitengo itayamba maluwa, tsiku lina anadzuka ndi timphamvu n'kunena kuti akufuna akaone. Lifiti ya nyumba ija inali yakufa masiku ambiri, ndiye ndinawabereka kumsana. Mayi amene kale ankanyamula nkhalamba zonenepa yekha, ndinakwera naye masitepe osapumira. Kupepuka kumeneko ndimakumvabe pamsana pano.

Anakhala kutsogolo kwa nsalu nthawi yaitali. Menla sanawakope kwenikweni. Chinawakopa ndi kamayi koyera kamene a Norbu anajambula pangodya yakumwamba. Anati ndi Dolma woyera, wopatsa moyo wautali, ndipo anatisonyeza pamene padzakhale maso ake, awiri kumaso, lina pamphumi, ena m'zikhatho ndi kumapazi.

"Maso m'manja?" anafunsa a Nachisale.

A Norbu anati n'cholinga choti dzanja lizimuona amene likumuthandiza.

"Ameneyo ndi mnzanga wa ntchito," anatero. "Wodwala sumumva ndi makutu. Umamumva pomutembenuza." Kenako anandituma kuti nditsike ndikatenge mpango wawo, akumva mphepo. Nditabwera ndinapeza a Norbu akuyang'ana pansi. Sindinafunse.

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inachita kukwawa. Tsamba limodzi la duwa ankalijambula, kuliyang'ana, kulifafaniza. Buluu amene ndapera dzulo ankati sanapereke bwino, ndiyambirenso. Kunja kunatentha, ana akusewera ndi madzi m'misewu ya Columbia Heights, ndipo m'nyumba mwathu munthu ankatha ndikuona. Thupi la Menla linapakidwa, mkanjo wake wofiira unalembedwa timizere ta golide, kamwa linaikidwa, mphuno inaikidwa. Pamaso pokha panali poyera. Ine ndinagwada, ana inu. Ine agogo anu, amene sindinagwadirepo munthu, ndinagwada pamaso pa a Norbu.

"Achimwene, chonde, ikani masowo lero. Kwatsala pang'ono. Ndapota nanu."

Anandiyang'ana n'kunena kuti nthawi sinakwane.

Ndinawatukwana m'Chichewa, mawu amene sindingabwereze kwa inu. Sanamve mawuwo koma anamva tanthauzo. M'mawa mwake a Nachisale anandithamangitsanso kuti ndipite, ndipo ndinapita, ndikuti mwina lero.

Anatisiya m'mawa wa tsiku lina lotentha, mawindo ali otsegula, amayi a kumpingo akuimba motsitsa. Bambo anu anali atagwira dzanja lina, ine lina. Sanalankhule zambiri. Anangondifunsa ngati ndamwa tiyi.

Tinawaika konkuno ku Maryland, poti anati akufuna kugona pafupi ndi ana. Maliro a kuno ndi ozizira. Kwathu anthu amagona pasiwa, amuna panja akazi m'nyumba, ndipo namfedwa sasiyidwa yekha mpaka atameta. Kuno anthu anabwera, analira nafe ndi mtima wonse, koma Lolemba aliyense ali ndi ntchito yomudikira. Sindiwadandaula. Bambo anu anandichonderera kuti ndisamukire kwawo, ndinakana. Ndinatseka chitseko, ndinatseka makatani. Zakudya zimene amayi a kumpingo ankasiya pakhomo zinkaonongekera m'mbale momwemo. Foni inkalira mpaka kutopa. Sindinkafuna kudzipha ayi, koma sindinkaonanso chifukwa chotafunira. Ndinkangokhala pampando wawo kudikira kuti nane imfa inditenge.

Masana ena kunamveka kugogoda kosatopa. Nditatsegula ndinapeza a Norbu, atanyamula kambale ka mwala kaja.

"Buluu watha," anatero. "Bwerani mudzapere."

Ndinawafunsa kuti buluu wa chiyani, wochiritsa ndani, poti munthu ali m'dothi. Ndinawauza kuti akanafulumira, bwenzi Nachisale ali pano. Ndinawauza kuti anandibera masana onse amene ndikanakhala pambali pa mkazi wanga, ine ndili kumwamba kusewera ndi miyala ngati mwana. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. Iwo anangoima pakhomopo, kumvetsera zonse. Nditatha anapempha kulowa, n'kukhala pampando womwe uja anakhalapo tsiku lodzazonda.

Anandifunsa ngati ndikukumbuka tsiku limene ndinatsika kukatenga mpango. Ndinati ndikukumbuka. Ndiye anandiuza zimene a Nachisale ananena ine nditatuluka. Ndikuuzani m'Chichewa, mmene ndikudziwira kuti zinkamvekera mumtima mwawo.

"Achimwene, ine ndikupita. Ndasamalira anthu ambiri akufa, njira imeneyi ndikuidziwa. Chithunzichi musajambulire ine. Jambulirani amuna angawa, odwala enieni ndi amenewa. Masana ndi pamene ululu umandikulira, ndimakuwa, ndimasanza, ndipo sindifuna kuti zimenezo adzazikumbuke. Muziwasunga kuno. Musamalize msanga. Ine ndikapita adzatseka chitseko, adzasiya kudya, ndimawadziwa. Mudzawatsikire. Masowo mudzaike akadzayambanso kudya."

A Norbu anati iwo anakana poyamba. Anawauza kuti kuchedwetsa dala chithunzi cha wodwala ndi chinthu cholemera, mphunzitsi wawo sanawaphunzitse zotero. A Nachisale anawakumbutsa kuti iwo sanawapemphepo kanthu chiyambire. Ndiye anavomera. Anati tsiku limene ndinagwada lija, burashi ya maso inali kale patebulo, ndipo dzanja lawo linkafuna kuitola. Pofotokoza zimenezi mdala uja ankalira, misozi ikutsikira m'makwinya, osaipukuta.

Ndikuuzeni zoona, sindinathokoze. Ndinakwiya ndi a Nachisale. Ndani anawauza kuti ine sindikanapirira kuwaona akukuwa? Ndinali mwamuna wawo. Kugwira beseni lija inali ntchito yanga, osati ya amayi a kumpingo. Anandisankhira okha, osandifunsa, monga ankandisankhira malaya. Mpaka lero pali masiku amene ndimadzuka ndikukangana nawo, ndipo sayankha. Masana amenewo sadzabweranso, ndipo zimandiwawa.

A Norbu anadikira kuti ndikhale chete, kenako anafunsa, "Mwadya lero?"

Ndinati ayi.

"Ndiye lero sitiika maso."

Anakwera, n'kubwera ndi mbale ya msuzi wa nyama wokhala ndi timitanda ta ufa wa tirigu. Anaika patsogolo panga. Ndinakankha. Sanakakamize, anangonyamuka n'kunena kuti abweranso mawa. Anabweradi, ndi mbale ina, ndi funso lomwelo. Mdala wa miyendo yotupa, kutsika ndi kukwera masitepe aja tsiku ndi tsiku chifukwa cha munthu amene anamutukwana. Tsiku lina ndinachita manyazi, ndinamwako msuzi. Tsiku lina ndinatafuna nyama. Kenako ndinapezeka ndakwera ndekha, ndakhala pamalo panga, ndikuzunguliza kamunsi. Buluuyo sankafunikanso pansalu, ndinkadziwa. Ndinaperabe.

Masamba anali atayambanso kufiira pamene anandiuza kuti ndibwere m'mawa, nditasamba. Ndinapeza atayatsa lubani, atavala malaya awo abwino. Anapemphera m'chilankhulo chawo, ine ndinapemphera Atate Wathu m'changa, ndipo palibe anasokoneza mnzake. Anatola kaburashi kochepetsetsa, n'kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere kuti lisanjenjemere. Anayamba ndi kamayi koyera kaja, kumaso, pamphumi, m'zikhatho, kumapazi. Kenako Menla. Anasunga mpweya, kulemba diso lina, kupuma, kulemba linzake. Nkhope imene ndinaichonderera chilimwe chonse inandiyang'ana. Inali yofatsa, yosafulumira, ndipo inali itachedwa. Ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro.

Masana ake a Zulu ananditengera kumanda. Anatsala m'galimoto, ine ndinayenda ndekha. Udzu unali utayamba kumera pamtumbira. Ndinali nditakonza mawu ambiri a mkangano, onse amene ndakuuzani aja, ndi ena oposa. Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja, ndikufuna poyambira. Palibe ngakhale limodzi linatuluka.

Ndinangoti, "Nachisale, ndadya."